Kodi khoti lingamuchotse ubambo munthu wozunza mwana wake?

Mayi ena a ku Bembeke anditumizira imelo. Mchemwali wawo anamwalira n'kusiya mtsikana wa zaka 9 m'manja mwa bambo ake. Bamboyo akaledzera amamumenya, ndipo posachedwapa anamuotcha zala pamoto chifukwa chotapa ndiwo mumphika. Akufunsa ngati khoti lingalamule kuti munthuyu asakhalenso bambo wa mwanayo.

Pepani kwambiri mayi. Magazi okha khoti silichotsa. Koma chimene mtima wanu ukufuna, choti mwana achoke m'manja mwa alamu anuwo ndipo asamamufikire mwachisawawa, lamulo limalola.

Lamulo lake ndi Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Limapereka mphamvu kwa wapolisi, wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, mfumu, ngakhale munthu wamba ngati inu, kutenga mwana amene ali pachiopsezo n'kumuika pamalo otetezeka. Chachikulu n'chakuti nkhaniyo ifike ku khoti la ana pasanathe maola 48. Musangomutenga usiku n'kukhala chete kwanu, chifukwa mawa bamboyo adzafika ndi anthu n'kunena kuti mwaba mwana.

Yambani ndi zilondazo zisanapole. Pitani naye ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi, akupatseni kalata ya kuchipatala, ndipo adokotala alembe zimene aona. Jambulani zalazo pafoni. Aphunzitsi ake ngati anaona kuti akulephera kugwira pensulo, umenewo ndi umboni. Mayendedwe akavuta, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Kenako a zachisamaliro cha anthu kuboma ku Dedza akuthandizeni kupempha khoti kuti mwanayo azikhala ndi inu. Wachibale ali ndi ufulu wopempha zimenezi, si kholo lokha ayi. Khoti limayang'ana chimene chili chokomera mwana, ndipo limamva maganizo a mwanayo. Lingathe kuika malire pa kuonana kwa bamboyo ndi mwana wake, kapena kuletseratu. Udindo wopereka ndalama za chakudya, zovala ndi sukulu umakhalabe pa bamboyo ngakhale mwana atachoka.

Pali chimene ndikuopa. Kwathu kuno nkhani zotere timathamangira nazo kwa ankhoswe ndi amalume, mwini mbumba n'kunena kuti mwana ndi wakuchikazi, tatenga wathu, nkhani yatha. Amalume akhale nanu, inde, ndipo mawu awo ndi olemera. Koma chigamulo cha pakhonde sichimanga bambo amene wasintha maganizo pakatha miyezi iwiri. Ndipo kuotcha mwana ndi mlandu wa polisi, sikuti munthu angopepesa ndi nkhuku. Ena adzakuuzani kuti mukuchititsa manyazi banja. Afunseni ngati anaona zala za mwanayo.

Ngati bamboyo ayamba kukuopsezani, uzani apolisi komanso khoti, pakuti lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti kupereka chiletso choteteza. Mukafuna loya koma ndalama palibe, funsani a Legal Aid Bureau.