Nkhani za anthu zimathandiza, koma samalani ndi "tikuthokoza"

Achemwali, mwafunsa ngati nkhani za anthu zingagwire ntchito pounika pulojekiti yanu ya mbuzi zopatsirana, poti opereka thandizo akungofuna manambala. Zimagwira ndithu, koma osati zija timaziona m'malipoti: mayi akumwetulira atanyamula kambuzi, m'munsi alembamo kuti "moyo wanga wasintha".

Ine ndinagwirapo ntchito yotere kwa Mkanda kuno ku Mchinji. Tsiku loyamba tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ali pomwepo, galimoto ya bungwe itaima apo. Aliyense woimirira ankayamba ndi "tikuthokoza" n'kumaliza ndi "musatisiye". Kope ndinadzaza, koma chimene ndinatolapo panalibe. Ndani angadandaule pamaso pa amfumu amene anamulembetsa dzina?

M'mawa mwake ndinapita ndekha, wapansi. Ndinapeza mayi wina akuswa mtedza pakhonde, nane ndinakhala pamkeka n'kuyamba kuwathandiza. Sindinafunse kuti pulojekiti yawathandiza bwanji ayi. Ndinangoti, "Amayi, chichokereni chaka chatha, chachikulu chimene chasintha pakhomo pano n'chiyani, chabwino kapena choipa?" Anayamba aseka kaye. Mbuzi yawo inaswa ana awiri, ndipo m'fomu yathu zinali zoti zonse zili bwino. Chonsecho bambo a kunyumba anali atagulitsa kambuzi kamodzi osawauza, ndipo nkhaniyo inafika mpaka kwa ankhoswe. Chimene iwo ankanyadira chinali china: ku gulu la mbuzi komweko ndi kumene amayi anzawo anawakokera ku banki m'khonde, ndipo fizi ya mwana wawo ku sekondale inachokera kumeneko. Zonse ziwirizi zinalibe malo pa fomu.

Kafunsidwe kameneka si kanga. Njirayi imatchedwa Most Significant Change, anaiyambitsa Rick Davies ku Bangladesh m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2005 iye ndi Jess Dart analemba ndondomeko yake. Pamene pagona nkhani ndi posankha. Mukatolera nkhani, tinene khumi, muziwerenge mokweza pamaso pa komiti ya m'mudzi, asankhe imodzi, ndipo mulembe chifukwa chimene aisankhira. A ku ofesi nawonso asankhe yawo, kenako mubwerere kumudzi kukawauza zimene zasankhidwa. Ife titatero, a ku ofesi anasankha ya fizi, amayi a m'komiti anakakamira ya mbuzi yogulitsidwa ija. Mkangano umenewo ndi umene unatichititsa kuyamba kuitana onse awiri a pabanja, bambo ndi mayi, pa tsiku logawa mbuzi.

Manambala musawataye. Nkhani imodzi singakuuzeni kuti ndi makomo angati amene zawachitikira zomwezo. Mtukula Pakhomo itayamba kuno ku Mchinji mu 2006, ofufuza a Boston University ndi Centre for Social Research ya ku Zomba ankawerengera zinthu pakhomo, komanso ankakhala pansi kucheza ndi anthu.

China, pemphani chilolezo musanajambule mawu kapena chithunzi, ndipo dzina ndi mudzi muzisinthe. Lipoti limayenda pa WhatsApp masiku ano, mawa lifika kwa bambo anagulitsa mbuzi aja.