Funsani Anti: Kodi paki ija inachepa kapena ndakula ndine?

Mwezi watha ndinangofunsa mocheza kuti ndani akukumbukira tsiku lake loyamba kupita ku paki ya zokwerakwera, eeh makalata ake kuchuluka, ena ataliatali mpaka ndachita kuwadula michira. Ndasankhapo anayi okha, enanu musandikwiyire.

Anti, ine ndili ndi zaka 36, ana atatu. Ndili mwana bambo anga ankatitenga kamodzi pachaka kupita ku paki ina yake ya zokwerakwera ndipo kwa ine kumene kuja kunali kudziko lina, chiwilo chachikulu chija amati Ferris wheel ndinkaona ngati chikugunda mitambo, tikafika pamwamba anthu pansi ngati nyerere. Nde holide yathayi ndinati ana angawa akaoneko, njira yonse ndikuwachemerera nkhani zake. Titafika abale ndinangoti kakasi. Kapaki kakang'ono, penti inasuluka, chiwilo chija ndi kawilo chabe, timahatchi tozungulira tija tina tilibe ndi makutu omwe. Ana akusangalala ine mumtima muli zii, pobwerera ndinalira chamumtima m'galimoto osadziwa kuti ndikulira chani. Bambo anatisiya zaka 6 zapitazo. Kodi pakiyo anaichepetsa kapena mutu wangawu suli bwino?
Mayi wa ana atatu

Mayi, mutu wanu uli bwinobwino ndipo palibe anapita usiku kukadula chiwilo chija. Tangoganizani, muli ndi zaka 6 kapena 7 munali wamtali mita imodzi ndi kakuti, maso anu ankathera m'chiuno mwa bambo anu, chilichonse munkachiona chochita kukweza khosi. Lero mwabwerera ndi maso ali m'mwamba komanso maso oti aona zambiri, nyumba zosanja, ndege, mavidiyo a pa foni oonetsa zimawilo za kunja. Ndipo zilipodi zikuluzikulu, London Eye ndi mamita 135, Ain Dubai imene inatsegulidwa mu 2021 ndi mamita 250. Olo choyamba chenicheni chimene George Ferris anamanga ku Chicago mu 1893 chinali mamita pafupifupi 80, chili ndi zipinda 36, chipinda chimodzi kulowa anthu mpaka 60, ngati basi ndithu. Chanu chija mwina sichifika ndi theka lomwe la chimenecho, koma mwana wa zaka 6 alibe tepi yoyezera, iye akangoona denga la nyumba lili pansi pake basi wafika kumwamba.

Koma tisanamizane, simunalire chifukwa cha mamita. Munalira bambo. Ndikunena chonchi chifukwa inenso zinandichitikira, ine ndikafuna kukumbukira paki yomwe ndinkapita ndili mwana sindikumbukira ngakhale geti lake linali la mtundu wanji, chimene chimabwera ndi dzanja la mayi anga aakulu, louma, lofunda, litandigwira pamkono mwamphamvu mpaka kusiya zidindo za zala, ife tili m'timagalimoto togundana tija, ndi moto wa buluu uja unkathetheka kudenga pomwe kandodo ka kumbuyo kwa galimoto kamakhudza nsefa ya magetsi. Iwo akukuwa kuti mwana iwe khota, khota, ine ndikungolunjika pa anthu dala kkkk. Ndi fungo la girisi ndi labala wotentha. Mpaka lero ndikadutsa pomwe akuwotcherera zitsulo mtima umadumpha, ndimangoona mpango wawo uja utapendekeka. Fungo limachita zimenezi chifukwa njira yake muubongo imadutsa pafupi kwambiri ndi mbali zosunga zikumbutso ndi zamumtima, nchifukwa chake limakugwira usanakonzeke.

Kusowa zakale kumeneku azungu amati nostalgia, dzina lake analipeka ndi Johannes Hofer mu 1688, iye ankaphunzira zaudokotala ndipo ankakuona ngati matenda enieni ogwira anthu amene ali kutali ndi kwawo, makamaka asilikali a ku Switzerland. Lero palibe dokotala angakulembereni mankhwala a zimenezo.

Chimodzi chokha ndikupemphani, musawauze ana aja kuti kale kunali bwino, pano kunatha. Mwanena nokha kuti iwo amasangalala. Kahatchi kopanda khutu kaja kwa wamng'onoyo ndi hatchi yeniyeni, mwina anakapatsa kale dzina. Mukadzapitanso mudzakwere nawo, osangokhala pabenchi kusunga zikwama, ndipo mudzawaonetse pomwe agogo awo ankaima podikira inu kutsika.

Anti tiweruzeni. Ine ndimakumbukira bwinobwino kuti ndili ndi zaka 4 ndinakwera roller coaster, sitima yothamanga ija yokwera ndi kutsika mapiri a njanji, ndi achimwene anga, manja m'mwamba osalira olo pang'ono. Iwo akuti bodza, akuti ndinalira pamzere mpaka anandibweza, ndinakhala pansi ndi amayi kumangoyang'ana. Takhala tikukangana pa gulupu ya banja sabata yathunthu. Wabodza ndani?
Chitsirizira wosagonja

Mwana wanga pepani, koma ndikuona ngati achimwene anuwo akhoza. Choyamba, mwana wa zaka 4 nthawi zambiri sakwana pa kandodo koyezera msinkhu kaja, roller coaster yeniyeni sangamulole, mwina munakwera kasitima ka ana. Chachiwiri anthu ambiri sitisunga zambiri za tisanakwane zaka 3 kapena 4, timangotsala ndi tizidutswa, zinazo timadzazitsa ndi zithunzi ndi nkhani zimene akuluakulu amatiuza mpaka kumaona ngati tinaziona ndi maso athu.

Koma simukunama, mukukhulupiriradi. Katswiri wina wa ku America, Elizabeth Loftus, ndi anzake anaonetsa anthu zotsatsa malonda zabodza zonena kuti ku Disneyland, paki ya zokwerakwera ya kampani ya Disney, kuli Bugs Bunny, kalulu wa m'makatuni uja, kenako nkuwafunsa za ubwana wawo. Ena anayamba kunena motsimikiza kuti eya, ndinakumana naye, mpaka ndinamupatsa moni wa dzanja. Pomwe kalulu ameneyo ndi wa kampani ina ya Warner Bros, sangapezeke ku paki ya Disney. Nde ngati anthu akugwirana chanza ndi kalulu woti kunalibe, inu kukweza manja pa sitima yomwe munangoiyang'ana ndi nkhani yaing'ono. Afunseni amayi ngati alipo, koma konzekani kuti iwonso abwera ndi nkhani yachitatu.

Anti ine ndine bambo wa zaka 41. Ndili mnyamata kunalibe chokwera chimene ndinkachiopa, ndinkatsika nkuthamangira kumzere kukakweranso kasanu motsatizana. Mwezi watha mwana wanga wamwamuna anandikakamiza kukwera timakapu tozungulira tija, za ana zenizeni Anti, mphindi ziwiri zokha. Potsika dziko likungozungulira, miyendo zii, ndinakagwira mpanda nkusanza anthu akuona, mwana akuseka mpaka kugwa pansi. Tsopano akuuza aliyense. Kodi ndi ukalamba kapena ndikadziyezetse?
Bambo wochita manyazi

Achimwene ndaseka kaye, mundikhululukire. Simuli nokha, pitani pa geti lotulukira la timakapu timeneto mukaone amene agwira mpanda ndi ndani, si ana ayi.

Nkhani ili m'khutu. Mkati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, mutu ukatembenuka madziwo amasuntha nkukankha titsitsi tating'onoting'ono, ubongo nkudziwa kuti tikukhota. Nde mukazungulira nthawi yaitali kenako nkuima mwadzidzidzi, inu mwaima koma madzi aja akadayendabe, khutu likuti tikuzungulira, maso akuti ayi taima, miyendo nayo ikunena zake. Ubongo ukalandira malipoti osagwirizana chonchi ndipomwe chizungulire, thukuta lozizira ndi nseru zimayambira. Timakapu tija ndi toipa kuposa roller coaster pa nkhani imeneyi chifukwa kapu ikuzungulira payokha, mbale yomwe yakhalapo ikuzunguliranso, nde ngati mwana wanuyo amapukusa kachiwongolero ka pakati kaja ndi mphamvu zake zonse, munali m'madzi kale.

Nanga bwanji kale sizinkachitika? Thupi limazolowera chimene limachita kawirikawiri. Muli mnyamata tsiku silinkatha osakwera katungwe, osagubuduka, osazungulira dala mpaka kugwa. Pano ndi zaka zingati mukungokhala pampando mutu uli njo pa kompyuta? Khutu linaiwala. Oyendetsa ndege zankhondo ndi ovina ozungulira aja nawonso amachita kuzolowetsa thupi pang'onopang'ono.

Ulendo wina musakwere mutakhuta kwambiri komanso musakwere ndi njala, imwani madzi, mutu muutsamiritse osamaugwedezagwedeza, yang'anani kutsogolo kutali osati pa foni kujambula mwana. Yambani ndi zofatsa, mupume pakati. Koma ngati chizungulirecho chimabwera olo muli kunyumba, kapena chikumakhala mpaka mawa lake, kapena khutu likulira, mutu ukuwawa zachilendo, pamtima pakuthina, apo osadikira Anti, pitani kuchipatala. Ndipo zikwangwani zija amalemba kuti odwala mtima, a BP yokwera, a vuto la msana kapena khosi ndi amayi oyembekezera asakwere, sanaziike zokongoletsa.

Za mwanayo musiyeni aseke. Tsiku limene bambo ake anasanza pa timakapu adzalifotokoza mpaka kwa zidzukulu zanu, ndipo chaka chilichonse nkhaniyo izikula.

Anti chimene ndimakumbukira kwambiri ine ndi kaphokoso kaja ka khe khe khe sitima ikamakwera phiri loyamba, ndinkatseka maso ndikuganiza kuti tcheni chikuduka. Mpaka pano ndikakamva pa vidiyo m'mimba mumatentha. Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 akufuna kukwera koma akuperewera pang'ono pa kandodo koyezera, anzanga akuti ndimuveke nsapato zazitali ndimuikire mapepala mkati. Nanga kaphokoso kaja nkachani kwenikweni?
Woopa koma wofuna

Kaphokoso kamene kankakuopsani kaja ndi komwe kankakutetezani. Pansi pa sitima pali kachitsulo kolendewera, ndipo m'mbali mwa tcheni muli mzere wa mano ngati a sowo, sitima ikamakwera kachitsuloko kamadumpha dzino lililonse nkumalira khe khe khe. Tcheni chitati chaduka kapena magetsi azima, kachitsulo kaja kamakola pa dzino, sitima siingabwerere chambuyo.

Chimene chimadabwitsa anthu ambiri nchoti sitima zambiri zimenezi zilibe injini. Tcheni chimangoikokera pamwamba pa phiri loyamba nkuitaya, kuchokera apo ikuyenda ndi mphamvu ya kugwa basi, nchifukwa chake pa sitima za tcheni phiri loyamba ndi lomwe limakhala lalitali kuposa onse, enawo amanka nachepa. Ndipo siingaulukire kumbali chifukwa mawilo ake ali patatu, ena pamwamba pa njanji, ena m'mbali, ena kunsi akuikumbatira. A kunsiwo ndi nzeru za John Miller, analembetsa mu 1919, ndipo ndi omwe anapatsa omanga mtima woyamba kupanga zotsetsereka zoopsa. Zisanafike pamenepo zinali zofatsa, Switchback Railway imene LaMarcus Thompson anatsegula ku Coney Island ku America mu 1884 inkathamanga makilomita pafupifupi 10 pa ola, wa njinga kuipitirira, koma anthu ankaima pamzere kuti akwere. Lero Formula Rossa ya ku Abu Dhabi imafika 240 pa ola, okwera amachita kuvala magalasi oteteza maso.

Tsopano za mapepala munsapato, ayi, ayi ndithu, anzanuwo auzeni Anti wakana. Kandodo kaja sikoyezera kulimba mtima, nkoyezera ngati chitsulo chotsekera pamiyendo kapena pamapewa chingamugwire mwanayo. Pamene sitima yadutsa pansonga nkuyamba kutsika thupi limanyamuka pampando, mpomwe m'mimba mumati myuu paja, munthu wamkulu chitsulo chimamugwira pantchafu koma mwana wochepa amasiya mpata. Mapepala amanamiza woyeza uja, chitsulo sachinamiza.

Ine ndinabwezedwapo pa kandodo kameneko zaka ziwiri zotsatizana, chaka chachiwiricho ndinanyanyamphira mpaka zala kuwawa, bambo woyezayo anangoika dzanja pamutu panga nkunditsitsa pansi osalankhula kanthu. Ndinalira mamina mbwee. Titafika kunyumba mayi aakulu aja analemba kamzere ka pensulo pa felemu la chitseko nkuti ukafika apa tikubwerera, nde ine m'mawa uliwonse kukaima pamenepo ndisanasambe nkomwe. Mulembereni kamzere mwana wanuyo, muyeze kaye msinkhu womwe pakiyo imafuna chifukwa chokwera chilichonse chili ndi wake. Tsiku lomwe adzakwane mudzakhale naye mpando wapakati, wakumbuyo umakoka kwambiri potsika.