Chifukwa chake drum and bass siyilowana ndi house

Mwafunsa chifukwa chake pa mitundu ya nyimbo zovina, house ndi techno zimalowana mukamasakaniza ngati DJ, koma drum and bass imakana. Nkhani yagona pa ng'oma. House ya ku Chicago ndi techno ya ku Detroit zinakula limodzi m'ma 1980, zonse zikugunda kick (ng'oma yaikulu yolira mozama) kanayi pa bar (kagawo ka nyimbo ka kugunda kanayi) iliyonse, kawirikawiri pakati pa 120 ndi 135 BPM (kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi). Drum and bass inachokera ku nyimbo za mtundu wa jungle za ku England m'ma 1990, ndipo ng'oma zake n'zoduladula, zothamanga pafupifupi 174 BPM. Mukaikokera pansi kufika 128 BPM kuti ifanane ndi house, snare (ng'oma yaing'ono yolira mokuthwa) imataya ukali, bass n'kulemera ngati matope. Musaikakamize choncho. Ilowetseni pomwe ng'oma za house zaleka, kapena dutsirani pa nyimbo ya 87 BPM, theka lenileni la 174, chifukwa kugunda kwake kumagwirizana ndi kwa drum and bass.