Foni ikakhala njira yokhayo yofikira ana anu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene anapempha kuti ndisatchule dzina lawo. Ukwati wawo unatha kukhoti zaka ziwiri zapitazo. Woweruza anagamula kuti ana awiri, mtsikana amene pano ali ndi zaka 9 ndi mnyamata wa zaka 3, azikhala ndi mayi awo, bambowa aziwatenga pa tchuthi cha sukulu. Chaka chatha ntchito inawasamutsira bambowa kutali, koti sangamabwerere mwezi ndi mwezi. Mawu awo ndi awa: "Ndikaimba, tsiku lina amayankha, tsiku lina foni imangolira mpaka kuduka. Akayankha, mayi awo amaima pompo n'kumamvetsera. Chigamulo cha khoti sichinena chilichonse za foni. Kodi lamulo limandipatsa ufulu wolankhula ndi ana anga pa foni? Ndikuganiza zomugulira mtsikanayo foni yakeyake, mayi ake osadziwa. Kodi pamenepo ndilakwa?"

Bambo, ndiyambe ndi funso lomalizalo, poti ndi limene lingakupwetekeni msanga. Foni yamseriyo musagule. Ndikumvetsa kumene maganizowo achokera: munthu amene wakhala akumvetsera foni ikungolira usiku ndi usiku amafika poti chilichonse chichitike, bola amve mawu a mwana wake. Koma taganizani katundu amene mukumusenzetsa mwana wa zaka 9. Azibisa chinthu m'nyumba imene amagonamo, azinamiza mayi amene amadzuka nawo tsiku ndi tsiku, azidzidzimuka foni ikangonjenjemera pansi pa pilo. Tsiku limene idzapezeke, ndipo idzapezeka ndithu, woyamba kukalipiridwa adzakhala iyeyo. Nkhaniyo ikadzafika kwa woweruza, inu amene munali ndi dandaulo lomveka mudzaoneka ngati munthu wozembera chigamulo. Kumbukiraninso kuti foni ya intaneti m'manja mwa mwana, popanda wamkulu woyang'anira, imatsegula makomo ena ambiri amene simunawaganizire. WhatsApp yomweyo, m'malamulo ake, salola mwana wosakwana zaka 13.

Tsopano za lamulo. Mwafunsa ngati inu muli ndi ufulu, koma malamulo nkhaniyi amaiyambira kwa mwana. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, limanena m'ndime 9 kuti mwana amene wasiyana ndi kholo limodzi kapena onse awiri ali ndi ufulu wopitiriza ubale ndi kulumikizana ndi makolo ake onse pafupipafupi, pokhapokha ngati kuteroko sikumukomera mwanayo. Ndime 10 imafikitsa ufulu womwewo kwa ana amene makolo awo akukhala m'maiko osiyana. Pangano la maiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana, la mu 1990, limabwereza mfundoyi m'ndime 19. Zimenezi zisinthe kayankhulidwe kanu. Mukapita kukhoti ndi mawu oti "akundimana ufulu wanga", mlandu ukhala wa inu ndi mayi a ana. Mukanena kuti "ana anga akutaya bambo awo, ndipo nayi njira yoti asawataye", mwakhudza chimene woweruza wakhalira pampando paja, chifukwa muyeso wake ndi chokomera mwana.

Mapangano awiriwa analembedwa anthu asanayambe kuonana pa vidiyo ya m'manja. Skype inabwera mu 2003, WhatsApp inayamba zoimba pa vidiyo mu 2016, malamulo n'kumatsatira pambuyo. Ku America, chigawo cha Utah ndicho chinayamba, mu 2004, kulemba m'lamulo zoti kholo lizicheza ndi mwana wake kudzera pa intaneti. Wisconsin inatsatira mu 2006, Florida ndi Texas mu 2007, North Carolina mu 2009. Chimene chimandigwira mtima m'malamulo amenewa ndi mpanda umene anamanga. La ku North Carolina limanena poyera kuti kulankhulana kotere sikulowa m'malo mwa kuonana maso ndi maso, sikuwerengedwa pokonza ndalama zosamalira mwana, ndipo kholo limene likusunga ana silingakugwiritse ntchito ngati chifukwa chosamukira nawo kutali. Mu Marichi 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba, mkulu wa makhoti a zamabanja ku England ndi Wales, Sir Andrew McFarlane, analangiza kuti mwana akalephera kupita kwa kholo lina monga chigamulo chinenera, pakhale njira yoti azionana pa vidiyo, zikakanika apo azilankhulana pa foni.

Ngakhale kumene lamulo silitchula foni kapena intaneti, chigamulo cha kasungidwe ka ana chimatha kusinthidwa zinthu zikasintha, ndipo kusamuka kwanu ndi kusintha kwakukulu. Tengani pepala la chigamulocho mukaonetse loya, akuuzeni mmene pempho lotere limayendera kukhoti limene linagamula. Koma musanafike kumeneko, yesani kaye kumvana ndi mayi a ana, nokha kapena kudzera mwa mkhalapakati amene nonse mumamukhulupirira.

Mmene ndaiwerengera kalata yanu, vuto lalikulu ndi loti palibe chimene chinalembedwa. Mumaimba mukaweruka kuntchito, mwina nthawi yomweyo iwo akusambitsa wamng'onoyo kapena akumugoneka. Kwa inu foni yosayankhidwa ndi nkhanza. Kwa iwo foni yolira nthawi ina iliyonse imatha kumveka ngati mwamuna amene anasiyana naye koma sakufuna kutuluka m'nyumba. Mangawa angakhalepo ndithu, koma ndandanda yolembedwa imawachotsera pobisala. Lembani masiku ake pa sabata, ola lake, woimba ndani, mphindi zingati, wogula data ndani (ndikanakhala inu ndikanadzipereka kugula ndekha, chifukwa chimenecho chichokeretu), ndiponso netiweki ikavuta kapena mwana akadwala, mudzabwezera tsiku liti. Mawu oti "azilankhulana nthawi zoyenera" ndiwo amabala mikangano, poti aliyense ali ndi nthawi yoyenera yake. Mukamvana, pemphani khoti kuti zomwe mwagwirizanazo zilowe m'chigamulo. Akakana, muzilemba m'kope tsiku ndi ola la foni iliyonse imene sinayankhidwe, osawonjezapo ndemanga. Koma mawu a ana musamawajambule kuti akhale umboni. Mwana akazindikira kuti zomwe amauza bambo ake zimakathera kukhoti, amatseka pakamwa.

Zoti mayi awo amaima pompo, tizigawe pawiri. Wa zaka 3 sangagwire foni yekha, ndipo popanda wamkulu womukhazika pansi ndi kumuuza kuti "taona adadi akukubayibitsa", kuchezako sikupita patali. Bungwe la madokotala a ana ku America, mu 2016, linalangiza kuti ana osakwana miyezi 18 asamaonere zinthu pa foni kapena pa TV, koma linapatulapo kucheza pa vidiyo, poti kumeneko kuli munthu weniweni amene akuyankha mwanayo. Choncho kwa mnyamatayo, mayi ake ndi amene amachititsa kuti kucheza kwanu kutheke. Mtsikanayo ndi wina. Pa msinkhu wake ayenera kukhala ndi mpata wolankhula nanu popanda khutu lachitatu, ndipo chimenechi mutha kuchipempha mosachita manyazi.

Koma mpata umenewo mukaupeza, mudzauchita chiyani? Apa ndi pamene makolo ambiri, abambo ndi amayi omwe, amawononga ndi manja awo chimene anachimenyera kukhoti. Musamufunse mwana kuti kunyumbako kumabwera ndani, mayi ake anabwera nthawi yanji, ndalama munatumiza ija anagulira chiyani. Musamutume kuti "ukawauze amayi ako". Mwana amaumva msampha m'funso ngakhale sangathe kuutchula, ndipo amayamba kuiopa foni yanu. Musamangofunsanso kuti "kusukulu kuli bwanji?", poti yankho lake ndi "bwino", kenako chete. Chitani naye chinthu. Akuwerengereni tsamba la buku lake, muthandizane samu imene yamuvuta, mumuonetse chipinda chimene mumagona ndi njira imene mumadutsa popita kuntchito, kuti akamakuganizirani azikuonani muli penapake. Mayina a anzake muwasunge pamtima, sabata yamawa mudzamufunse ngati anagwirizananso ndi mnzake anayambana naye uja.

Wamng'onoyo akakhala nanu mphindi zitatu n'kuthawira kukasewera, musadandaule, ndiponso musaganize kuti wina wamuuza zoipa za inu. Ndi msinkhu chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa iye mphindi zisanu katatu pa sabata zimaposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi. Muzimutumizira uthenga wa mawu, kanyimbo kapena kanthano kakafupi, koti azimvetsera mobwerezabwereza pogona. Ndipo ola limene munalonjeza muzilisunga. Mwana amene wakhala pafupi ndi foni kudikira bambo amene sanaimbe amavulala kuposa mmene ife akuluakulu timaganizira.

Ndalama zosamalira ana musazisandutse chingwe chokokerana. Makhoti ambiri amaona kupereka ndalamazo ndi kuonana ndi ana ngati nkhani ziwiri zosiyana, choncho kusiya kutumiza chifukwa foni siyankhidwa kungokuonjezerani mlandu, anawo n'kuvutika kawiri. Ndinenenso kwa ena amene akuwerenga: pamene panali nkhanza, kapena pali chiletso cha khoti, woweruza atha kuchepetsa kulankhulanaku, kuikapo woyang'anira, kapena kukuletseratu, ndipo foni isakhale njira yolambalalira chiletsocho.

Inu bambo, usiku uno alembereni mayi a ana uthenga waufupi, wopanda za kale. Tchulani masiku awiri kapena atatu pa sabata, ola lake asankhe ndi iwo, muwauze kuti data muzigula ndinu. M'uthenga womwewo tchulani tsiku limene mukubwera kudzatenga ana pa tchuthi chikubwerachi, ndipo ndalama ija munasungira foni yamseri ikhale yoyendera.