Msuweni, za alubamu yako ija

Eee, msuweni, mwaswera bwanji kumeneko? Ndikuti mwaswera poti tsopano ndinu mayi wapabanja, tiziopa... iyayi, zandikanika, ndiwe iwe basi.

Uthenga wako ndaumvera kawiri. Ukufunsa kuti kodi ulipire wojambula uja akupangire alubamu yeniyeni ya ukwati, kapena usonkhanitse wekha zithunzi pa kompyuta ukasindikizitse buku m'tauni. Kachiwiriko ndi pamene ndamva timawu tija wanena motsitsa kumapeto, takuti apongozi afunsanso Lamulungu. Ndiye ine ndiyankha timeneto. Ndalama ya perekaniperekani inathera ku holo ndi kwa ophika, tonse tinaona, ndipo iwe ukuopa kuti ukawatengera buku lopanga wekha aziti mkazi wa mwana wathu ndi woumira. Ndanama? Seka, ndikudziwa ukuseka.

Ndikuuze kaye kusiyana kwake, usamangomva dzina. Alubamu ya akatswiri ija zithunzi zake amatsuka pa pepala lenileni la zithunzi, lija la mankhwala, monga la Fujifilm, kenako amamata pa katoni yolimba. Tsamba lililonse lochindikala, silipindika. Ukaitsegula imagona thasa patebulo, chithunzi chimodzi chimatha kuyala masamba onse awiri osaduka pakati. Buku lopanga wekha amasindikiza ndi inki pa makina, pepala lake lopyapyala, la magalamu 170 kapena 200, masamba amawagwiriza ndi guluu kumsana. Ndiye pakati pake pamameza. Ukaika gulu la operekeza mkwatibwi pamasamba awiri, amene waima pakati nkhope yake imalowa mumsoko, umangoona makutu. Ndipo amene amaima pakati ndani? Mkwatibwi. Iweyo.

Koma alubamu imalemeratu. Ya masentimita 30 mbali zonse, masamba 20, imafika makilo 3, nthawi zina kuposa. Tangoganiza kuinyamula pa basi, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, mpaka kwa agogo ku Ntcheu, ili pansi pa matumba a anthu, mvula ikugwa pa chipata anthu akutsitsa katundu...

Tadikira, nditsitse moto, ndiwo zingapserere. Ehe.

Ndimati chiyani? Eya. Usanasankhe, kumbukira amalume a ku Mufakose mu Harare, bambo ako aakulu. Iwe unali wamng'ono, mwina umangokumbukira thiranki yobiriwira ija ya pansi pa bedi. Ukwati wawo unachitika m'zaka za m'ma 1980, ku CCAP, dzina loti Salisbury litangosinthidwa kumene kukhala Harare. Nthawi imeneyo filimu imodzi inali ya zithunzi 36, wojambula anabwera ndi mafilimu awiri basi, ukwati wonse. Atatsuka anawabweretsera zithunzizo mu envulopu, n'kunena kuti akulu, mukawonjezera pang'ono ndikupatsaninso manegetivi, muzikasunga nokha. Amalume anakana. Akuti timapulasitiki takuda ndikatani nato, munthu sungaone n'komwe nkhope, ndalama imeneyo bola ndigule alubamu yooneka. Anakaguladi, ija ya masamba a guluu, yokhala ndi pulasitiki yomatula pamwamba, chikuto chofiira cha maluwa agolide. Inali yokongola, tisaname.

Ndipo ankaisamala, iwe! Mlendo akabwera, amayamba wadya, wasamba m'manja, wapukuta, kenako amalume amagwada, kukoka thiranki, kutulutsa alubamu atakulunga m'chitenje cha akazi awo. Masamba ankatsegula okha, wina aliyense osakhudza. Pa chithunzi chilichonse pali nkhani yake. Uyu anachokera ku Dedza wapansi, uyu ndi amene anandipezera ntchito, uyu ndi uja wa nkhani ya njinga, ndipo akafika pa wa njinga uja mawu ankasintha, mayi ako n'kutuluka panja. Ana tinkaloweza mayina a anthu amene sitinawaonepo. Achibale ambiri a kumudzi tinawadziwira m'menemo.

Chimene sankadziwa n'chakuti guluu wa maalubamu amenewo ali ndi asidi. Amadya chithunzi kuchokera kumsana, pang'onopang'ono. Mizere ya guluu ija inayamba chikasu, kenako bulawuni, n'kuonekera mpaka kutsogolo. Mitundu nayo inathawa, suti yawo ya buluu inasanduka yofiirira, nkhope zonse ngati anajambulitsa dzuwa likulowa. Ndiye thiranki yachitsulo, ili pasimenti, yagundana ndi khoma la kunja. Kuyambira Novembala mpaka Malichi chinyezi chimakwera, chitsulo chimachita thukuta m'kati. Chaka china denga linadontha pakona pomwepo, iwo anazindikira patapita milungu. Potsegula, fungo la chuku, pulasitiki yamatirira pa zithunzi.

Anaiyanika padzuwa, kumenenso kunali kulakwa, koma ndani akanawauza? Anabwezera m'thiranki, osaitulutsanso kwa alendo.

Ndiye kunabwera maliro a akazi awo aja. Anthu akufuna chithunzi chabwino choika pa pulogalamu, cha pa ukwati chija atavala velo, akumwetulira chammbali. Amalume anatulutsa alubamu, kulowetsa chikhadabo pakona, kukoka. Pepala linatsala m'manja, nkhope inatsala pa pulasitiki. Theka uku, theka uku. Anangokhala pabedi chete, atagwira kachidutswako, palibe amene analimba mtima kuwayankhula. Mawa lake anyamata anapita kukafuna situdiyo ija, kukapeza inatsekedwa kalekale, mukugulitsidwa mafoni, mwini wake palibe akudziwa kumene anapita ndi mabokosi ake. Pa pulogalamu tinaika chithunzi cha pa chitupa chachitsulo chija. Mayi amene ankaseka nyumba yonse n'kumveka, anthu anatsanzikana nawo ali ndwii ngati ali pa mzere wa ku ofesi.

Ndi manegetivi aja tikanatsukanso chatsopano tsiku lomwelo, chachikulu mmene tikufunira. Mwa njira, ngati kwanuko muli ndi maalubamu a guluu kunyumba, zithunzi musamazikoke. Yambani mwajambula tsamba lonse ndi sikana pa 600 dpi, ndiye kuti madontho 600 pa inchi iliyonse, kenako mulowetse ulusi wosalala, uja wochotsera zotsalira m'mano, kunsi kwa chithunzi, muziucheka pang'onopang'ono. Chikakana, chisiyeni pomwepo. Ndipo musachite lamineti chithunzi chakale, kutentha kuja sikubwezeka.

Ndatalikitsa eti? Pepa. Koma ndafika tsopano.

Manegetivi a masiku ano ndi mafayilo aakulu amene ali mu kompyuta ya wojambula wako. Amenewo ndi amene ugule kaye, sabata ino, ndi ndalama yochepa imene watsala nayoyo. Alubamu idikire. Zimene anakutumizira pa WhatsApp zija si zithunzi zako zenizeni ayi, ndi zithunzi zofinya. WhatsApp ikatumiza mwa nthawi zonse imachepetsa chithunzi kufika pa mapikiselo pafupifupi 1600 mbali yaitali. Posindikiza bwino pamafunika 300 dpi, ndiye 1600 ija imangokwana masentimita 13 ndi theka, kachithunzi ka m'manja. Tsamba la masentimita 30 limafuna mapikiselo oposa 3500. Ukakokera cha pa WhatsApp kuti chidzaze tsamba, pa foni chioneka bwinobwino, koma papepala maso achita mbuu, mikanda ya pa diresi isanduka phala. Anthu ambiri amene amati buku lopanga wekha ndi lonyansa, vuto linali limeneli, osati bukulo.

Ndiye upite kwa wojambulayo ndi fulashi yatsopano ya 32 GB. Umuuze kuti ukufuna zithunzi zonse zokonzedwa, JPEG, kukula kwake konse, zopanda dzina lake pakona. Kamera ya mamegapikiselo 24 imatulutsa 6000 kwa 4000, fayilo imodzi imakhala cha m'ma 8 MB kukwera. Utsegule pomwepo iye akuona. Ukapeza fayilo ndi ya 300 KB, wakupatsa zofinya, usachoke. Za RAW, mafayilo osakonza ochokera mu kamera, usalimbane naye, ambiri sapereka, ndipo iwe sungazitsegule n'komwe. Akulembere, ngakhale pa meseji, kuti uli ndi ufulu wosindikiza kulikonse kumene ukufuna, chifukwa osindikiza ena amakana ntchito ya katswiri popanda chilolezo. Umufunsenso kuti iye amasunga mafayilo kwa miyezi ingati. Ojambula amafufuta, msuweni. Disembala ikubwera, maukwati Loweruka lililonse, malo amatha mu kompyuta.

Ukafika kunyumba ukopere malo awiri ena. Pa laputopu ya amuna ako, ndi pa intaneti, Google imapereka 15 GB yaulere. Fulashi yokha usaidalire, imafa osadwala, makamaka ukamaizula magetsi atathima ikukopera.

Tsopano za apongozi. Apangire buku, inde, lopanga wekha, koma lochokera ku mafayilo aakulu aja. La masentimita 20 mbali zonse, chikuto cholimba, zithunzi 60, zisapitirire 80. Ndikukudziwa iwe, ufuna kulowetsa zonse 500, mpaka cha mphika wa mpunga. Ayi. Tsamba limodzi zithunzi ziwiri kapena zitatu, china chachikulu chokha. Ulondole tsiku mmene linayendera, kuvala, tchalitchi, kusaina, Harare Gardens, holo. Ndipo tamvera apa, abale a mwamuna achuluke mofanana ndi athu. Apongozi akalandira sayang'ana pepala, amawerenga nkhope. Azakhali a mwamuna wako akasowamo, ngakhale chikuto chikhale chachikopa, mlandu ulipo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri akhale ndi tsamba lawolawo. Pansi pa zithunzi ulembe mayina ndi kumene munthu amachokera, poti amalume otiuza pakamwa aja kulibenso.

Poyala, siya mamilimita 3 opitirira m'mphepete, chifukwa mpeni wa makina umadula pamenepo ndipo sulunjika ndendende. Nkhope kapena malemba zitalikire sentimita imodzi kuchokera kumphepete, ndipo pakati pomeza paja usiye sentimita ndi theka mbali iliyonse. Chithunzi cha gulu chikhale tsamba limodzi, usachiyale pawiri.

Kuwala... apa ndi pamene ambiri amalira. Sikirini imawala yokha, pepala siliwala, ndiye chosindikiza chimatuluka chakuda kuposa mmene umaonera. Ife khungu lathu n'lakuda, diresi loyera mbee, suti ya amuna ako yakuda bii. Makina akasiyidwa kuti adzikonzere okha kuwala, nthawi zina amatsata diresi, nkhope n'kumira. Uwauze azimitse zodzikonzera zokhazo, wojambula anakonza kale. Potsanja zithunzi utsitse kuwala kwa sikirini kufika theka. Ndipo usanalipire buku lonse, uwapemphe akusindikizire masamba awiri oyesera pa pepala lomwelo: limodzi la m'tchalitchi muja munali mdima, lina la pansi pa majakaranda. Maluwa a pepo aja, Okutobala amakhala atayala pansi ngati kapeti, pa foni amawala kwambiri, koma inki zinayi za makina zimavutika nawo, amatha kutuluka buluu wozimirira. Uone ndi maso ako panja, osati pansi pa babu la m'sitolo. Pepala usankhe losanyezimira kwambiri, lonyezimira limagwira zala, ndipo buku limeneli lidutsa m'manja mwa mpingo wonse.

Ukakhutira, usindikize awiri nthawi imodzi, fayilo ndi yomweyo. Lina la apongozi, lina la agogo, lopepuka, lolowa m'chikwama cha m'manja, ulikulunge m'pulasitiki pa ulendo wokha, likafika alichotsemo. Likang'ambika kapena mbuzi ikalawa chikuto, palibe kulira, usindikizanso.

Alubamu yaikulu ija, yogona thasa ija, ndiyabwino, sindikuinyoza ayi, ndipo ndikufuna udzakhale nayo. Koma ingathe kupangidwa chaka chamawa, kapena mwana woyamba akabadwa... usandiyang'ane choncho, ndangonena. Bola mafayilo ali m'manja mwako. Mafayilo akasowa, ngakhale utadzapeza madola ochuluka bwanji, palibe chodzapangira. Mafayilo kaye, wamva? Ikadzabwera uiike pashelefu m'mwamba, chogona, kutali ndi khoma la kunja ndi dzuwa, osati m'thiranki.

Ndipo ngati wojambulayo akuti mafayilo amapereka pokhapokha utagula alubamu, usakangane naye. Mufunse mtengo wa mafayilo paokha, kapena wa alubamu yaing'ono kwambiri imene ali nayo, ya masamba 10, bola fulashi ituluke nayo limodzi. Ukalipira ndi EcoCash usunge meseji yake.

Ndiye mawa m'mawa umuimbire, osati kumulembera, umuimbire. Mafayilo aakulu, onse, pa fulashi, utsegule iye akuona. Ukawatenga unditumizire chimodzi ngati dokyumenti, osati ngati chithunzi, ndione kukula kwake. Cha agogo akuvina ndi ndodo yawo chija. Moni kwa alamu.