Puleti sanyamula ndi msana achimwene

Achimwene funso lanu ndinaliona m'mawa koma ndinali ndi geti ya kasitomala pa tebulo, ndiye ndinati magetsi akazima ndikhala pansi ndikuyankheni bwinobwino, ndipo azimadi kkkk. Mwati mwatsegula kashopu kowotcherera kuno ku Mangochi, mulibe mnyamata mumagwira nokha, mwapeza oda ya thanki ndi ziwaya za chipisi ndiye mukufuna kudziwa kuti mapuleti achitsulo a 3mm ndi 6mm muziwasuntha bwanji kuchoka panja kufika pa tebulo. Ndaona ena akuyankhani kuti muzidya nsima yambiri, ena akuti mwamuna salira. Amenewo asiyeni, sanagwirepo puleti.

Tiyambe ndi masamu chifukwa ambirife timangoyang'ana ndi maso nkumati aaa iyi ndiitha. Puleti ya saizi yomwe timagula ija ya 8 by 4, kapena kuti 2440 x 1220, milimita iliyonse ya kukhuthala kwake ndi makilo 23 ndi kanyenyeswa. Ndiye ya 1.6mm ndi makilo 37, ya 2mm ndi 47, ya 3mm ndi 70, ya 6mm ija mukuinenayo ndi 140, pafupifupi matumba atatu a simenti. Ya 10mm imapitirira 230. Ku UK oona za chitetezo cha anthu pa ntchito amati mwamuna asamapyole makilo 25, ndipo apo nkuti katunduyo wamukumbatira pafupi ndi thupi cha m'chiuno. Ife kuno timaseka zimenezo poti thumba la chimanga la 50 timaliponya pa phewa osamva kanthu, koma thumba limakhala phee pa phewapo, puleti ilibe pogwira, ndi yotambalala, imanjenjemera, m'mphepete mwake mumacheka ngati lezala, ndipo ikayamba kupita kwake siikufunsa.

Ine ndinaphunzira mowawa. Inali nthawi ya mwera, lole inabwera ndi mapuleti anga kuchokera ku Limbe, dalaivala ali pa changu akuti akufuna akafike ku Monkey Bay kusanade, mnyamata wanga anali atapita ku maliro ku Namwera. Ndinati ndingotsitsa ndekha, ndi ya 3mm yokha. Ndinaikoka nkuimiritsa, ndangoti ndiyende nayo masitepe awiri mphepo inaiwomba ngati thanga la boti, inandizunguza, ine m'malo moisiya ndinalimbana nayo ndipo ndinangomva kuti tswa m'munsi mwa msanamu. Tsiku limenelo ndinamaliza ntchito bwinobwino, koma kutacha ndinalephera kudzuka pa mphasa. Masabata atatu ndili gone, kutsokomola kokha ndimachita kugwira khoma, kuswali ndimaswali nditakhala pa mpando ngati nkhalamba. Makasitomala awiri anadzatenga zitsulo zawo kupititsa kwina, sindiwada ayi nawonso amafuna mageti awo. Mpaka lero kukazizira msanawu umandikumbutsa.

Chichokereni nthawi imeneyo puleti sindinyamula. Ndimaikoka, kuigubuduza pa mapaipi, kuidula kapena kuipachika pa tcheni, koma kuti kulemera kwake konse kukhale pa thupi langa ayi.

Chophweka kwambiri chomwe anthu amaiwala nchoti puleti yathunthu simuifuna pa tebulo. Ziwaya za chipisi mudula zidutswa eti? Ndiye muidulire pomwe yagwera pompo. Tengani crowbar kapena chidutswa cha flat bar yokhuthala chomwe mwachisongola kutsogolo, lowetsani pa kona, tukulani pang'ono nkukankhiramo thabwa ndi phazi kapena ndi kamtengo, osati ndi zala, pitani kona ina chimodzimodzi mpaka yonse ikhale pa matabwa. Kokani extension, jambulani ndi choko, dulani ndi gulayinda. Koma onetsetsani kuti matabwa ali mbali zonse ziwiri za mzere womwe mukudulawo, chifukwa mbali imodzi ikalendewera mpata uja umatsekeka nkupana disiki, ndipo disiki ikasweka imapita kumaso. Kuposanso apo, ngati miyezo mukuidziwa kale, funsani komwe mukugulako ngati ali ndi makina odulira, ena ku Blantyre ali nawo, mumalipira kenakake koma katundu amafika ali zidutswa zoti mutha kugwira ndipo mwapulumutsanso madisiki angapo.

Pa thanki mwina mufuna zikuluzikulu, apo ndiye nkhani yake ndi yosalola puleti kufika pansi. Ikangogona pa dothi kuidzutsa ndi ntchito, mukatukula mbali imodzi ina ili pansi mumakhala mwanyamula theka la kulemera kwake, ya 6mm ndiye kuti makilo 70 mutawerama, pomwe msana umakhala wofooka kwambiri. Ine tebulo langa lowotchererapo ndinaliika matayala ndipo kutalika kwake ndinayezera ma 3 tonner omwe amatibweretsera katunduwa, ndiye lole ikabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo ndimangogunditsa tebulo, kuponya mapaipi awiri atatu pamwamba nkukoka puleti kuti ingotsetsereka. Ngati lole ndi yayitali kuposa tebulo yalani ma channel awiri, zitsulo zazitali zooneka ngati chilembo U zija, ngati kamlatho, muwamange kumtundako kuti asapulumuke, ndipo inu muime pambali osati kumunsi komwe ikubwerako.

Za mapaipi ndinenepo pang'ono chifukwa kuno tili ndi vuto lomwe a ku Ndirande sangakuuzeni, mchenga. Ukaika paipi pa mchenga wathuwu imangomira basi, sigubuduzika. Ndiye yalani kaye ma angle iron awiri kapena matabwa aatali ngati njanji, pamwamba pake muike mapaipi atatu a 40 kapena 50mm, puleti pamwamba. Mukakankha, paipi ya kumbuyo ikatuluka mumakaiika kutsogolo, choncho choncho. Zimachedwa inde koma ya 140 ija imayenda ndi dzanja limodzi. Mukafuna kukhota mumangopendeketsa paipi yakutsogoloyo. Samalani zala poika paipi, ndi pamenepo pomwe zikhadabo zimathera.

Koma chomwe chinandisinthira shopu ndi ka trolley koimiritsa. Inu ndinu owotcherera, Loweruka limodzi mwakamaliza. Pansi ikani channel yoyang'ana kumwamba yotalika mwina mita imodzi ndi theka, m'mene puleti izikhala chamm'mphepete, kumbuyo kwake felemu ya sikweya chubu yopendekera m'mbuyo pang'ono kuti puleti izitsamira, ndipo channel ija ikhale pafupi ndi pansi kwambiri kuti musamachite kukweza. Matayala musagule tating'onoting'ono ta pulasitiki tija, timangokanirira pa kamwala kalikonse, ine ndinaika a wilibala awiri pakati ndi ena ang'ono kumapeto, ndipo muwatalikitse m'mbali kuti kasamagubuduke. Mukaikapo puleti muimange ndi lamba ku felemu musanayambe kuyenda. Ndipo kunja kukakhala mphepo, kaya ndi mwera wa June July uja kaya mpoto, dikirani kaye, puleti yoimirira ndi pafupifupi ma square mita atatu, mphepo ikaipeza trolley yonse imapita.

Tsopano ya 6mm kupita m'mwamba, ndikuuzeni chilungamo, popanda chain block, chida cha tcheni chokwezera katundu wolemera chija, musayerekeze. Ya tani imodzi ndi yokwana pa ntchito zathuzi, ngakhale yogwiritsidwa kale ntchito bola muione tcheni kuti sinatambasuke, ngowe sinayasame ndipo buleki ikugwira. Vuto ndi poipachika. Ndaonapo anthu akuimangirira ku thabwa la denga, denga lomwe linapangidwa kuti linyamule malata basi, tsiku lina mudzatsitsa denga lonse pamutu. Pangani felemu yanu, miyendo iwiri ngati chilembo A mbali iyi ndi iyo, pamwamba I-beam kapena ma channel awiri owotcherera msana ndi msana, isatalike kwambiri, bola lole kapena tebulo zizitha kulowa pansi pake. Apa si potaya zitsulo zotsala zadzimbiri, gwiritsani zabwino.

Pogwira puletiyo ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Vice grip kapena G clamp sizinapangidwe kuti zizinyamula katundu, zimagwira bwinobwino mpaka mphindi yomwe zapulumuka, ndipo sizichenjeza. Pali ma plate clamp enieni ali ndi mano omwe amaluma kwambiri katundu akamalemera, mukawapeza gulani. Ngati palibe chitani zomwe timachita tonse, dulani kachidutswa ka flat bar ya 8 kapena 10mm, boolani bowo, kawotchereni ngati khutu pa puletipo mbali zonse ziwiri ndi moto wokwanira, osati kungodontheza tack, lowetsani shackle, kachitsulo kokhota kotseka ndi bawuti kaja, nkukoka. Mukamaliza mumakadula nkusalaza ndi gulayinda, palibe angadziwe. Zingwe za nayiloni zomwe timagula kwa asodzi zija musazizunguze pa puleti, m'mphepete muja mumazidula mwakachetechete. Maginito onyamulira aja nawonso musawakhulupirire kwambiri, nambala yomwe amalemba ija ndi ya chitsulo chokhuthala chosalala, pa puleti yopyapyala kapena yadzimbiri mphamvu yake imatsika kwambiri. Ndipo chilichonse mwagwiritsa, kwezani kaye puletiyo mpata wa zala ziwiri zokha kuchoka pansi, imani, gwedezani, muone ngati zagwira, kenako muzipitiriza. Phazi lanu lisakhale pansi pake olo kamodzi.

China chomwe chimandiopsa ndikalowa m'mashopu a anzathu ndi kutsamiritsa mapuleti ambirimbiri pa khoma, ndiye munthu akufuna ya kumbuyo amayamba kuwatsegula ngati buku akutsamiritsa pa chifuwa chake imodzi imodzi. Yoyamba sumva kanthu, yachitatu bho, koma khumi a 2mm ndi makilo 470, akangopendekera kwa iwe pang'ono sungawabweze ndipo uli wekha palibe okuchotsa. Wotchererani rack ya mipata ngati moikamo mbale, mizati yake yolimba yozikika pansi, saizi iliyonse mpata wake, muzisolola chamm'mbali kulowetsa mu trolley. Mukamaimiritsa puleti pa simenti muikenso chotchinga kumunsi kwake, imakonda kutsetsereka mwadzidzidzi nkukumenyani m'miyendo. Ndipo ikayamba kugwa ithaweni, puleti ikapindika imawongoka ndi hamala.

Za zovala ndikudziwa kuno kumatentha, October akafika aliyense amafuna mapatapata, koma kona ya puleti ikagwera chala cha kuphazi chimatsala pomwepo. Pezani ma safety boot olo a pa kaunjika, ndi magolovesi achikopa. Komanso puleti yomwe yakhala pa dzuwa la ku Mangochi kuno masana imawotcha zoti ukaigwira umaisiya wekha osafuna, ndiye zosunthasunthazi muzipanga m'mamawa kapena muziiphimba ndi makatoni. Mukachekeka ndi chitsulo chadzimbiri musangomanga kansanza, pitani kuchipatala akaone ngati mukufunika jakisoni wa kafumbata.

Pomaliza penipeni, mwati mumagwira nokha, chabwino, koma kutsitsa katundu si tsiku lililonse. Anyamata a ganyu kapena a kabaza pa siteji yapafupi mukawaitana atatu kwa mphindi khumi ndalama yake siifika olo pa mtengo wa paketi ya ma rod owotcherera. Ingowapatsani magolovesi, muwauze komwe ikupita musanayambe, ndipo owerenga kuti wani thu fili akhale m'modzi, chifukwa wina akasiya msanga kulemera konse kumapita kwa otsalawo. Ine masiku ano ndikamapanga quotation ya thanki ndimaikiramo kale ya anyamatawo, kasitomala sadandaula.

Tandiuzeni pansi pa shopu yanuyo ndi pa simenti kapena pa mchenga, komanso khomo ndi lotambalala bwanji, chifukwa matayala a trolley ndi kutalika kwa felemu zitengera zimenezo. Magetsi akayaka nditchaja foni ndijambule ka trolley kanga ndiponye pompano ndi miyezo yake.