Mayi akukana mapilitsi a BP, ndipo mbali ina akunena zoona

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mwati mayi anu asiya kumwa mapilitsi a BP ataonera vidiyo yonena kuti makampani opanga mankhwala amanama, ndiye mukufunsa kuti muwauze chiyani. Ndinayamba ndatseka kompyuta, chifukwa kwathu amene analowetsa nkhani imeneyi m'nyumba ndi ineyo.

Ndinali nditangowerenga kumene za Vioxx, mankhwala opha ululu a kampani ya Merck. Analoledwa ku America mu 1999, n'kuchotsedwa pamsika mu 2004 zitadziwika kuti amawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Chimene chinandiwawa n'chakuti zizindikiro zinaoneka kale m'kafukufuku wa mu 2000, koma anazifotokoza mokomera mankhwalawo, kutsatsa n'kumapitirirabe. Mu 2007 kampaniyo inavomera kulipira odandaula madola 4.85 biliyoni. Ndiye ine, mwana wopita kusukulu, ndinakacheza kwa bambo anga n'kukhuthula zonsezi mokweza mawu. Bambo ankangogwedeza mutu. Za mapilitsi awo sindinatchule n'kamodzi komwe.

Patapita miyezi, mlongo wanga akuchapa jekete lawo anapeza mapilitsi m'thumba la mkati, okulunga m'kapepala, ena atayamba kusungunuka. M'mawa uliwonse ankatenga pilitsi amayi akuona, n'kutembenuka ngati akufuna madzi, kenako m'thumba. Titawafunsa anangondiloza: "Si iweyo unati anthu amenewa amanama?" Kuchipatala namwino anayeza BP yawo kawiri, ulendo wachiwiri atasintha mkono, kenako anawauza kuti asanyamuke pampandopo. Sitiroko sinawagwire, koma mpaka lero ndikaona jekete lija m'mimba mumatentha.

Ndiye chonde, musakauze mayi kuti vidiyoyo ndi bodza lokhalokha. Mukatero mwaluza kale, chifukwa zina ndi zoona. Kampani ya Purdue Pharma inkauza madokotala kuti mankhwala ake opha ululu a OxyContin sazolowereka kwambiri m'thupi, ndipo mu 2007 inavomera mlandu wonamiza anthu pa nkhani yomweyo. Koma bodza limene limandiopsa kwambiri ndi lachete, lobisa. Mu 2008 akatswiri anaunika kafukufuku 74 wa mankhwala a matenda ovutika maganizo (depression) yemwe anaperekedwa ku FDA, bungwe loyang'anira mankhwala ku America. Mwa 38 amene zotsatira zake zinali zabwino, 37 anasindikizidwa. Mwa 36 otsalawo, 22 sanatuluke n'komwe, ndipo 11 analembedwa ngati zinayenda bwino. Dokotala wowerenga magazini amenewo sakunama akamakuuzani kuti mankhwalawa ndi amphamvu. Iyenso anam'bisira.

Ndipo wolipira ngongole imeneyi kawirikawiri sakhala kampani. Mu 1996 ku Kano, ku Nigeria, Pfizer inayesa mankhwala a Trovan pa mliri wa matenda oumitsa khosi, m'kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira, ndipo mabanja anati sanauzidwe kuti n'zoyeserera. Kampani inakana kulakwa, nkhani n'kuthera pa kulipirana. Pofika 2003 madera ena kumpoto kwa dzikolo anakana katemera wa poliyo, ndipo za Trovan zinali pakamwa pa ambiri. Poliyo anafalikira mpaka kumayiko ena. Ana amene anapuwala ndi poliyoyo za Trovan sanazidziwe n'komwe. Zimenezi zimandikwiyitsa, ndipo amene amati anthu okana mankhwala ndi mbuli chabe andikhululukire, sindigwirizana nawo.

Komatu mbali inayo nayonso si ya angelo. Dokotala wa ku Britain Andrew Wakefield mu 1998 anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kafukufuku wa ana 12 okha, wogwirizanitsa katemera wa chikuku wotchedwa MMR ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo. Pambuyo pake zinaululika kuti ankalandira ndalama kudzera kwa loya wa anthu ofuna kusumira opanga katemera. Magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, iyenso anamulanda chiphaso cha udokotala, koma chikuku chinali chitabwerera kale kumene chinayamba kuiwalika. Choncho vidiyo ya mayiyo muionere mpaka kumapeto. Nthawi zambiri kumapetoko kumakhala botolo logulitsa ndi nambala ya foni.

Chimene sindinawauze bambo tsiku lija n'chakuti akuba onsewa anagwidwa ndi ofufuza anzawo, atolankhani ndi makhoti. Frances Kelsey wa ku FDA anakana kuloleza thalidomide, mankhwala amene amayi oyembekezera ankamwa, chifukwa umboni sunamukhutiritse, pamene kumayiko ena ana masauzande anabadwa ndi manja ndi miyendo yosakwanira. Ndinawauza theka la nkhani, theka lokoma kukamba.

Nanga mutani?

Musateteze kampani, kambani za pilitsi lenilenilo. Mankhwala ambiri a BP ndi akale: hydrochlorothiazide wakhala akumwedwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, amapangidwa ndi makampani ambirimbiri, ndipo anayesedwa ndi ofufuza osiyanasiyana. Zimenezi n'zosiyana ndi mankhwala atsopano amene akutsatsidwa ndi ng'oma. Afunseni mayi ngati mapilitsiwo amawapatsa chizungulire, chifuwa chouma kapena kutupa mapazi, chifukwa nthawi zina vidiyo imangokhala pothawira, ndipo adokotala angathe kuwasinthira ena. Pitani nawo akayezetse sabata ino, ndipo mukanene chilungamo kuti anasiya liti. BP imakwera munthu osamva kalikonse.

Bambo anayambiranso kumwa, koma osati chifukwa cha ine. Anali namwino uja, amene anawasonyeza manambala pa makina n'kuwalola kufunsa mafunso onse mpaka atatopa okha. Masiku ano akawalembera mankhwala atsopano, amatembenuza kapaketi, kuvala magalasi, n'kufunsa kuti, "Pilitsi limeneli lili ndi zaka zingati?"